Phindu la papepala ndi ndalama zenizeni

Kampani ikatulutsa lipoti la zachuma la pachaka, munthu wongoyamba kumene kugula masheya amathamangira mzere umodzi: phindu lakwera kapena latsika? Akaona kuti lakwera, mtengo wa sheya nawonso ukupita m'mwamba, mtima wake umakhala m'malo. Katswiri mzere umenewu amauonanso, koma sachedwapo. Amapita patsamba losonyeza ndalama zimene zalowadi ndi kutuluka m'kampani.

Chifukwa chake nachi. Malamulo a akawunti amalola kampani kulemba kuti yagulitsa katundu ikangomupereka, ngakhale wogulayo asanalipire. Ndiye phindu likhoza kuoneka lonona m'buku, kubanki kuli mbee. Ngati ndalama zimene makasitomala sanalipire zikukula msanga kuposa malonda, chaka ndi chaka, katswiri amadziwa kuti pali nkhani. Amafunsanso komwe phindulo lachokera. Kampani ikagulitsa nyumba yake, phindu la chaka chimenecho limatupa, koma nyumba sigulitsidwa kawiri. N'chifukwa chake amayala malipoti a zaka zingapo pamodzi, n'kuyerekezanso ndi makampani ena a ntchito yomweyo.

Kenako pali masamba akumapeto a zilembo zing'onozing'ono, amene ambiri amawadumpha. Kunena zoona ndi otopetsa. Koma m'menemo ndi mmene mumalembedwa nthawi yobweza ngongole, chiwongoladzanja chake, milandu imene ili kukhoti, ndi malonda amene kampani ikuchita ndi mabungwe a akuluakulu ake omwe. Kampani ya Enron ya ku America, imene inagwa mu Disembala 2001, inkalengeza phindu pamene ngongole zambiri inazikankhira kumakampani ena amene inawakhazikitsa yokha.

Musaganize kuti akatswiri sapusitsika. Kampani ya Wirecard ya ku Germany inali pagulu la makampani akuluakulu pamsika wa masheya wa dzikolo, ndipo mabuku ake ankawunikidwa ndi EY, kampani yowunika mabuku a zachuma, kwa zaka zambiri. Atolankhani a nyuzipepala ya Financial Times anayamba kuikayikira poyera mu 2015, koma mabanki ndi mabungwe oyendetsa ndalama za anthu anapitirizabe kuikhulupirira. Mu Juni 2020 kampaniyo inavomera kuti ma euro 1.9 biliyoni amene ankaoneka m'mabuku ake mwina kunalibe n'komwe, ndipo patangopita masiku ochepa inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole zake.