Musanapake dayi m'mutu, yesani kaye kuseri kwa khutu

Ambirife imvi zikayamba kuonekera kapena ukwati ukayandikira timangogula kapaketi ka dayi pamsika, kusakaniza m'kambale, mnzathu n'kutipaka pakhonde ndi mswachi wakale basi zatheka. Kudaya tsitsi pakhomo si kulakwa ayi, ndalama ya ku saluni si tonse tili nayo, koma pali chinthu chimodzi chomwe pafupifupi aliyense amachidumpha ndipo ndi chomwe chimafikitsa anthu kuchipatala nkhope itatupa mpaka maso osatsekuka.

Madayi ambiri akuda ndi abulauni ali ndi mankhwala otchedwa paraphenylenediamine, pabokosi nthawi zina amangolemba PPD. Ndi amene amagwiritsa mtundu kuti usachoke mukamachapa. Vuto lake matupi ena amawenga nawo, ndipo sikuti zimayamba ulendo woyamba, mutha kudaya zaka ndi zaka bwinobwino kenako tsiku lina thupi n'kungokana, ndipo likakana kamodzi ziwengozo sizitha, ulendo wotsatira zimatha kubwera zoopsa kuposa poyamba. Komanso nthawi zambiri sizituluka pompopompo, zimatha kudikira tsiku limodzi mpaka atatu, munthu n'kumaganiza kuti mwina ndi chomwe wadya. Mumayamba kumva kuyabwa ndi kutentha m'mutu, kenako zidzolo kapena matuza otuluka madzi m'mphepete mwa tsitsi, m'makutu, m'khosi kumbuyoku, zikope n'kutupa.

Ndiye chonde yesani kaye kutatsala maola 48. Werengani kapepala ka m'bokosi, tengani pang'ono chabe mupake kuseri kwa khutu kapena mkati mwa chigongono, mudikire masiku awiri athunthu. Pakayabwa, pakafiira kapena kutupa, dayiyo musamuyandikirenso, ndipo kusintha kampani sikuthandiza chifukwa PPD ali m'madayi ambiri. Muziyesa ulendo uliwonse ngakhale ndi dayi yemwe munazolowera. Amene munajambulitsapo maluwa m'manja ndi hina wakuda uja samalani kwambiri, hina weniweni amatuluka mofiirira, wakuda bii uja nthawi zambiri amathiramo PPD ndipo ndi pomwe ena ziwengo zimayambira.

Tsiku lodaya valani magulovu, pakani Vaseline pamphumi ndi m'makutu, khalani podutsa mphepo chifukwa fungo la ammonia limatsamwitsa. Sakanizirani m'kambale kapulasitiki osati kachitsulo. Mphindi zomwe alemba ndi zomwezo, zija zoti ndigone naye kuti ade bwino ndi kudziwotcha chabe. Ngati m'mutu muli zilonda kapena chipere dikirani zipole. Ngati mwangowotcha tsitsi ndi rilaksa dikirani masabata awiri, rilaksa ndi wamphamvu kale, ena ali ndi sodium hydroxide yemwe amasiya khungu lili laliwisi, mukawonjezapo dayi tsitsi limathothoka m'manja mukuona. Nsidze musadaye ndi dayi wa m'mutu, akalowa m'diso atha kulipha, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15 n'kupita kuchipatala. Ana osakwana zaka 16 asadayidwe, mabokosi ambiri analembanso zimenezi.

Pali china chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri, dayi wotsala. Timamusiya pawindo kapena m'kabotolo ka zakumwa, mwana n'kumupeza. PPD akamwedwa ndi poizoni weniweni, madokotala a ku Sudan, Morocco ndi India akhala akulandira odwala ambiri otere, lilime ndi khosi zimatupa mpaka munthu kubanika, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, impso n'kusiya kugwira ntchito. Wina akamwa musamusanzitse, musataye nthawi ndi mkaka kapena makala, thamangani naye kuchipatala mutatenga paketi yake kuti adokotala aone. Wosakaniza kale akatsala mutayeni m'chimbudzi, musamutsekere m'botolo chifukwa amatulutsa mpweya botolo n'kuphulika.

Mukamva kuwotcha dayi ali m'mutu musapirire, tsukani nthawi yomweyo ndi madzi ambiri ndi sopo wosaluma. Zidzolo zikatuluka pitani kuchipatala chapafupi muwauze kuti munadaya tsitsi ndi tsiku lomwe munadaya, kapena imbani 929 ku Chipatala Cha Pa Foni, ndi ulere. Koma ngati milomo, lilime kapena khosi zikutupa, mukupuma movutikira kapena mukuchita chizungulire, musadikire kuti kuche, pezani galimoto kapena kabaza usiku womwewo.