Tseka kopelo, undiuze zimene waphunzira

Pa zaka zimene ndaphunzitsa makalasi omalizira a pulayimale, dandaulo limene makolo amabwera nalo kawirikawiri ndi ili: "Aphunzitsi, mwanayu amawerengatu usiku uliwonse, kope lake n'lodzaza, nanga mayeso akulakwa bwanji?" Ambiri amakhala atanyamula kopelo ngati umboni. Ndikalitsegula ndimapezadi malemba ooneka bwino, mitu yodulidwa mzere ndi rula, popanda tsamba lodumphidwa. Kenaka ndimalitseka n'kupempha mwanayo kuti andiuze m'mawu akeake zimene zili pa tsamba lomwe tangoliona. Apa m'pamene pamakhala zii.

Mtsikana wina anali atakopera bwinobwino za kayendedwe ka madzi: dzuwa litenthetsa madzi, madzi asanduka nthunzi, nthunzi ikwera n'kupanga mitambo, mvula igwa. Chithunzi chake chinali chokongola kuposa changa cha pa bolodi. Nditamufunsa kuti madzi a m'chovala chimene tayanika padzuwa amapita kuti, anandiyang'ana kwa kanthawi n'kuti, "Zimenezo simunatilembetse, aphunzitsi." Sananame, ndipo sanali wopanda nzeru. Anangochita zimene ife tomwe tinamuzoloweretsa, kusamutsa mawu kuchoka pa bolodi kupita m'kope popanda kudutsa m'mutu.

Vutoli limaonekera kwambiri pa msinkhu wa zaka 10 mpaka 13, ndipo pali chifukwa chake. M'makalasi oyambirira ntchito yaikulu ya mwana ndi kuphunzira kuwerenga kwenikweniko: kudziwa malembo, kupanga maphatikizo, kutchula mawu. Akafika kumtundaku palibenso amene amamuphunzitsa zimenezo. Aliyense amangoti akudziwa kale, ndipo buku limasanduka chida chophunzirira sayansi, mbiri, masamu ndi zina. Jeanne Chall, katswiri wa za kuwerenga wa pa yunivesite ya Harvard, anaona kuti ana ambiri a m'mabanja osauka amene ankayenda bwino m'makalasi atatu oyamba ankayamba kutsalira akafika m'kalasi yachinayi, ndipo chimene chinkayamba kuwavuta ndi matanthauzo a mawu. Mawu a m'buku amakhala atasiya kukhala aja a tsiku ndi tsiku. Mwana angathe kutchula chiganizo chonse molondola, osamva kanthu.

Nkhaniyi si ya ana owerengeka. Mu 2019 banki ya World Bank inalengeza kuti m'mayiko osauka ndi opezako pang'ono, ana 53 mwa 100 aliwonse amafika zaka 10 asakutha kuwerenga ndi kumvetsa kankhani kakafupi kosavuta. Mu 2022, sukulu zitatsekedwa nthawi yaitali chifukwa cha Covid-19, chiwerengerocho chinkaganiziridwa kuti chafika pa 70. Choncho musanamukalipire mwana kuti ndi waulesi, mupatseni ndime imodzi ya m'buku la kalasi yake kuti awerenge mokweza, kenaka mumufunse kuti ikunena chiyani. Ngati akujejema pa mawu alionse achitatu, maola amene amakhala atayang'ana m'kope akungopita pachabe. Iyeyo akufunika kubwerera ku timabuku tosavuta n'kumawerenga mokweza tsiku lililonse, ngakhale mphindi 15, wina akumvetsera. Palibe manyazi pamenepo, ngakhale mwanayo atatalika kale kukuposani.

Koma tinene kuti kuwerengako amatha, monga mtsikana uja. Nanga n'chifukwa chiyani zinthu sizikhala m'mutu?

Mu 1885 Mjeremani wina dzina lake Hermann Ebbinghaus anasindikiza zotsatira za ntchito yotopetsa imene anadzipatsa yekha. Ankaloweza mindandanda ya timaphatikizo topanda tanthauzo, kenaka n'kumadziyesa pakapita mphindi, maola, masiku, kuti aone zimene zatsala. Anapeza kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola oyambirira, kenaka kumachepa liwiro. Anapezanso kuti kubwereza chinthu pa masiku osiyanasiyana kumathandiza kuposa kuchibwereza kambirimbiri pa tsiku limodzi. Mphunzitsi aliyense amazidziwa zimenezi ngakhale sanamvepo za Ebbinghaus. Phunziro limene ana analimva bwino Lachiwiri, pofika Lachisanu limakhala ngati silinaphunzitsidwepo. Mutu wa munthu umataya zimene sukuzigwiritsa ntchito, ndipo wa mwana wanu sunawonongeke ayi.

Funso ndi lakuti kubwerezako kukhale kotani. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a pa Washington University ku St. Louis, ku America, anapatsa ophunzira a pa yunivesite nkhani zazifupi kuti awerenge. Nkhani ina ankaiwerenga kachiwiri, pamene ina ankaitseka n'kulemba zonse zimene akukumbukira. Atayesedwa patapita mphindi 5, owerenga kachiwiri ndiwo anachita bwino: anakumbukira mfundo 81 mwa 100, poyerekeza ndi 75. Patatha sabata zinthu zinatembenuka. Zimene anaziwerenga kawiri zinatsikira pa 42, pamene zimene anavutika nazo kuzikumbukira buku lili chitsekere zinali pa 56. Pambuyo pake Roediger ndi anzake anakayesa njirayi pa ana a kalasi yachisanu ndi chimodzi pa sukulu ina ku Illinois, ndipo mitu imene ana ankafunsidwapo timafunso tating'ono m'kalasi anaikhoza bwino pa mayeso kuposa ija imene sanafunsidwepo.

Chimene chimapusitsa pa kuwerenga mobwereza n'chakuti kumakoma. Tsamba ukaliona kachitatu mawu ake amaoneka odziwika, ndipo mtima umati "izi ndikuzidziwa". Koma kuzindikira chinthu chili pamaso pako n'kosiyana ndi kuchitulutsa wekha m'mutu. Tonse tinakumanapo ndi munthu amene nkhope yake tikuidziwa bwino koma dzina latithawa. M'chipinda cha mayeso amafunsa dzinalo. Kuvutika kuja kumene mwana amavutika pofufuza yankho, maso ali kudenga, cholembera chili kukamwa, ndiko kumalimbitsa njira yopita ku yankholo. Ana amadana nako chifukwa kumawaonetsa zimene sakudziwa, ndipo ife akuluakulu timawamvera chisoni n'kufulumira kuwauza yankho.

Pakhomo zimenezi sizilira ndalama, ndipo sizifuna kuti kholo likhale lodziwa phunzirolo. Mwana akawerenga tsamba, alitseke, akuuzeni zimene zilimo ngati akuphunzitsa munthu amene sanapiteko kusukulu tsiku limenelo. Akamaliza atsegule aone zimene wasiya, chifukwa kukumbukira cholakwika popanda wokukonza n'kongowonjezera vuto. Mawa mumufunsenso zomwezo asanatsegule kope, kenaka patapita masiku atatu, kenaka sabata yamawa. Mphindi 20 za mtundu umenewu zimaposa maola awiri ongoyang'ana m'kope. Ndaonapo agogo amene sadziwa n'komwe kuwerenga akuchita ntchitoyi bwino kuposa makolo ophunzira, chifukwa iwo amafunsa moona mtima kuti, "Sindinamve, tabwereza," ndipo mdzukulu amakakamizika kupeza mawu ena ofotokozera.

Kuloweza sindikukutsutsa. Matebulo a kuchulukitsa ayenera kukhala pamutu, chifukwa mwana amene akuwerengera 7 kuchulukitsa ndi 8 pa zala sangatsale ndi mphamvu yoganizira samu yonse. Chimene ndikukana ndi kuloweza ziganizo zimene mwanayo sangathe kuzinena mwanjira ina.

Pali china chimene chimachitika pa msinkhu umenewu. Jean Piaget, katswiri wa za kaganizidwe ka ana wa ku Switzerland, ananena kuti ana a zaka zapakati pa 7 ndi 11 amaganiza bwino pa zinthu zimene angathe kuziona ndi kuzigwira, ndipo kuganiza pa zinthu za m'mutu mokha kumayamba kukhwima cha pa zaka 11 kapena 12. Akatswiri a pambuyo pake anaonetsa kuti malirewa sali okhwima chotero, koma m'kalasi mfundoyi imaonekabe. Funsani ana kuti chachikulu n'chiti pakati pa 1/4 ndi 1/8. Ambiri adzati 1/8, popeza 8 imaposa 4. Mukhoza kulemba lamulo pa bolodi kakhumi, adzalikopera, mawa adzayankhanso chimodzimodzi. Koma apatseni mapepala awiri ofanana, lina alipinde panayi, lina pasanu ndi patatu, aike zigawozo pamodzi. Pamakhala kaphokoso kena kake, "aaa!", kamene mphunzitsi akakamva amadziwa kuti lero sanabwere pachabe. Ambiri timaganiza kuti miyala, timitengo ndi mapepala opinda ndi za ana ang'onoang'ono, ndiye timazichotsa m'kalasi pa nthawi yeniyeni imene masamu ayamba kuvuta.

Kwa anzanga aphunzitsi, ndili ndi ziwiri. Choyamba, mphindi zisanu zoyambirira za phunziro zikhale za mafunso atatu kapena anayi, makope ali otseka: limodzi la dzulo, limodzi la sabata yatha, limodzi la mwezi watha. Aliyense alembe yankho lake, popanda malikesi, popanda chilango. Mukangoika malikesi, ana amayamba kuonera kwa anzawo ndipo phindu lonse limatha. Chachiwiri ndi kudikira. M'zaka za m'ma 1970 Mary Budd Rowe wa ku America anamvetsera maphunziro ambirimbiri ojambulidwa pa tepi n'kupeza kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, kenaka amaloza wina kapena kuyankha yekha. Aphunzitsi atazolowera kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana anatalika, ana ambiri anayamba kuyankha, ndipo "sindikudziwa" anachepa. Masekondi atatu amaoneka ngati kanthu kochepa mpaka mutaima kutsogolo kwa kalasi ya zii. Ine ndimawerenga chamumtima, zala zili kumbuyo, apo ayi ndimapezeka ndaloza kale mwana yemweyo wa kutsogolo amene amakweza dzanja funso lisanathe.

Ntchito za m'magulu nazo n'zabwino pokhapokha aliyense akudziwa kuti akhoza kufunsidwa. Kupanda kutero, m'gulu la ana asanu ndi mmodzi, m'modzi amalemba, wina amamuuza zolemba, anayi otsalawo akukambirana za mpira. Ine ndimauza gulu kuti wofotokoza ndidzamusankha ndekha pamapeto, ndipo mwadzidzidzi wanzeru uja amayamba kuphunzitsa anzake mwakhama. Iyenso amapindula, chifukwa pofotokoza m'pamene amazindikira pamene sanamvetse.

Njira yotseka kope ija imafuna mwana wosaopa kulakwitsa, ndipo pamenepa mawu athu akuluakulu amalowererapo. Mu 1998 Claudia Mueller ndi Carol Dweck, akatswiri a za maganizo a ku America, anapatsa ana a kalasi yachisanu mafunso, ndipo atakhoza, ena anawayamikira kuti ndi anzeru, ena kuti alimbikira. Oyamikiridwa nzeru aja ambiri anasankha ntchito yosavuta pambuyo pake, ndipo atakumana ndi mafunso ovuta anafooka msanga n'kuyamba kuchita moipa kuposa poyamba. Oyamikiridwa khama anapirira. Mwana amene wakula akuuzidwa kuti "ndiwe wanzeru" amakhala ndi dzina loti aliteteze, choncho kutseka kope n'kupezeka kuti sakudziwa kumamuopsa. M'malo mwake nenani zimene mwaona: "Dzulo unakumbukira mfundo ziwiri, lero zafika zinayi."

Mayeso akayandikira, makolo ambiri amachita zinthu ziwiri zimene ine ndimazikana: kuletsa masewera ndi kudula tulo. Bungwe la akatswiri a za tulo ku America linanena mu 2016 kuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12 pa tsiku, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10. Zimene munthu waphunzira masana zimakhazikika muubongo iye ali mtulo, ndiye kumudzutsa mwana pakati pa usiku kuti awerenge kuli ngati kutunga madzi ndi ndowa yobooka. Bungwe la World Health Organization nalo limati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera olimbitsa thupi pafupifupi mphindi 60 tsiku lililonse. Mwana amene wathamanga pa nthawi yopuma ndimamudziwa akalowa m'kalasi: thukuta lili kamukamu, koma amakhazikika. Amene amandivuta ndi uja watsekeredwa m'kalasi kuti amalize kukopera manotsi.

Mukayamba kumufunsa mwana kope lili chitsekere, sabata yoyamba idzakhala ya mkangano. Adzati njira yakale ija ndiyo inali yabwino, chifukwa ankamva ngati akudziwa zonse, pamene tsopano akungoona mipata. Lembani penapake mafunso asanu amene walephera Lolemba loyamba, musamuuze kuti mwawasunga, muziwaponyamo mwa apo ndi apo pakati pa mafunso ena. Pakatha milungu iwiri mumufunse onse asanu pamodzi, kenaka mumuonetse pepala lija kuti awerenge yekha amene wakhoza.