Momwe mnzako wa kusukulu anasandukira m'bale mu Lilongwe

Pamaliro ambiri mu Lilongwe masiku ano, wolengeza chipepeso akamaliza kutchula a mpingo ndi a kuntchito, mumamva kuti "anzawo a malemu omwe anaphunzira nawo limodzi ku Bwaila apepesa ndi ndalama zakutizakuti." Ena mwa iwo amafika kusiwa msanga kuposa abale ochokera kumudzi. Agogo athu zimenezi sankazidziwa, ndipo chiyambi chake chili m'mbiri ya mzindawu.

Mu 1966 Lilongwe inali tawuni ya anthu osakwana 20,000. Kamuzu Banda atalamula kuti likulu lichoke ku Zomba, bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968 n'kuyamba kumanga ndi ngongole yochokera ku South Africa. Likulu linasamuka mu 1975, ndipo pofika 1977 anthu anali atayandikira 100,000. Ambiri mwa obwerawa anali ogwira ntchito m'boma ku Capital Hill, amisiri, apolisi ndi aphunzitsi ochokera ku Zomba, Mulanje, Rumphi, Karonga ndi kwina konse. Anapatsidwa nyumba ku Area 18 ndi madera ena a manambala, ena anakapeza malo ku Kawale, Biwi ndi Chilinde.

Kumudzi mwana sasowa wosewera naye. Pali asuweni, ana a amayi aang'ono, anzake okusa nawo mbuzi, kenako anzake olowa nawo chinamwali. Mwana wa kalaliki wa ku Area 18 analibe onsewa. Kwawo ankapitako patchuthi basi, nthawi zina kamodzi pachaka. Amene anadzaza malowo anali wokhala naye pansi m'kalasi, yemwe mumabenthulirana chigumu pa buleki, kubwerekana pensulo yoduka pakati, kugwirira limodzi chibalo chotchetcha mukachedwa. Atsikana ankadziwana pa fulaye ndi phada, anyamata pa mpira wachikulunga. Mwana wolankhula Chitumbuka kunyumba ndi wolankhula Chilomwe ankakumana pa Chichewa, chomwe boma linachikhazika kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968. Za kuti kwanu n'kuti ankafunsa ndi makolo, ana analibe nazo ntchito.

Chomwe chinkadula maubwenziwa ndi mayeso a Sitandade 8. Malo a ku sekondale anali ochepa kwambiri, moti kukhoza kokha sikunali kanthu, nkhani inali kusankhidwa. Wina amapita ku Likuni Boys, wina ku Lilongwe Girls, wina ku Dzenza kapena ku Mitundu, wina kutali ku Dedza. Otsalawo amabwereza, ena kangapo konse, ena mpaka kulembera dzina la mng'ono wawo. Otopa ankalowa sukulu za Malawi College of Distance Education (MCDE), zomwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zinasandutsidwa ma CDSS, sekondale zoyendera za m'madera. Anzake a ponda apa nane m'pondepo ankakumana patchuthi wina ali ndi tayi ndi Chingerezi cha m'mphuno, wina akugulitsa mandasi a mayi ake pamsika. Ubwenzi wambiri unafera pomwepo, osati chifukwa cha mkangano, koma manyazi.

Kusukulu zogonera komweko ubwenzi unali wamtundu wina. Wa Fomu 1 ankalandiridwa ndi nkhanza za akuluakulu, kuchapitsidwa, kulandidwa kamba, kuimbitsidwa usiku. Wopeza wa Fomu 3 womutenga ngati mng'ono wake anali ndi mwayi. Pakati pa teremu shuga akatha, nsima ya mgaiwa ndi nyemba zofumbwa zitakola, munthu ankadziwa mnzake weniweni poona yemwe akumutsegulira sutikesi. Ine ndimaona kuti pamenepa ndi pamene panamangidwa ubale womwe umalimba mpaka ukalamba, chifukwa anthuwa anaonerana umphawi wopanda pobisira.

Ndale nazo zinalowererapo. Mu 1989 boma linalamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ndipo ambiri okhudzidwa anali a kumpoto. Ana awo ananyamuka nawo. M'masiku opanda foni zam'manja, kusiyana koteroko kunkatanthauza kalata imodzi kapena ziwiri, kenako zii. Kwa ana ambiri a mumzindawu, aka kanali koyamba kumva kuti mnzawo wa tsiku ndi tsiku ndi "wakumpoto".

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira m'dziko muno chinakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Ana omwe akanakhala kunyumba analowa m'kalasi, zomwe zinali zabwino, koma makalasi anasefukira mpaka pansi pa mitengo. Makolo opezako bwino anayamba kusamutsira ana awo kusukulu zolipira zomwe zinatsegulidwa paliponse. Kale mwana wa bwana ndi wa mlonda ankatha kukhala desiki imodzi pasukulu ya boma. Lero wa ku Area 47 amapita pagalimoto kusukulu yampanda, wa ku Mtandire, pafupi pomwepo, amayenda wapansi kupita kwina, ndipo akhoza kukula osadziwana.

Omwe anataya anzawo kalekale anadzapezananso kudzera pa Facebook ndi WhatsApp. Magulu a ophunzira akale tsopano amasonkherana pa matenda ndi zovuta, ena amakakonza zimbudzi ndi mahositelo kusukulu zawo zakale. Koma pamagulu omwewa ndi pomwe pali kudandaula. Achinyamata omwe anaphunzira ku CDSS amati ntchito mumzinda uno imayendera kuti unaphunzira ndi ndani, ndipo iwo anzawo a kusukulu ambiri ndi osowa ntchito ngati iwo omwe. A magulu aja amayankha kuti kuthandiza mnzako amene munkadyera naye mbale imodzi si katangale. Onse ali ndi mfundo, kungoti woyankhayo nthawi zambiri amakhala ndi amene dzina lake linatuluka pa mndandanda wa osankhidwa uja.