Usiku umene Peter Pan anauluka pa wailesi ya kanema

Mu Malichi 2025 zinakwana zaka 70 chionetsereni Peter Pan pa wailesi ya kanema ya NBC ku America, ndipo funso lakale lija likadalipo: kodi kanema anakweza masewero oimba a ku Broadway, dera la maholo a zisudzo ku New York, kapena anawalanda anthu?

Poyamba masewerowa ankabwera pa kanema m'zidutswa. Mu Juni 1953 kampani ya Ford inalipira pulogalamu imene Mary Martin ndi Ethel Merman anaimba limodzi, ndipo mu Malichi 1954 General Foods inakonza ina yolemekeza Rodgers ndi Hammerstein, olemba masewero oimba.

Zinthu zinatembenuka pa 7 Malichi 1955. Sewero loimba la Peter Pan linali litangotsekedwa ku Winter Garden Theatre ku Broadway mu Febuluwale, litasewera maulendo 152, ndipo osewera omwewo, Martin ndi Cyril Ritchard, analichita lonse pamaso pa makamera, anthu akuonera nthawi yomweyo. Panalibe zoti "tibwerezenso". Makamera a mitundu a kampani ya RCA ankafuna magetsi owala kwambiri, moti mu situdiyo munkatentha koopsa. Martin, amene ankasewera Peter Pan, mnyamata wouluka, ankavala malamba m'kati mwa zovala, atamangiriridwa ku waya wopyapyala, amuna akukoka zingwe kumbali motsogoleredwa ndi Peter Foy. Wokoka akachedwa pang'ono, woulukayo amaphonya potera, dziko lonse likuona.

Mabuku ambiri amati anaonera anthu 65 miliyoni. Nambalayi ndi yoyerekezera, yochokera m'nyumba zochepa zimene ankazifufuza, monganso 107 miliyoni imene imatchulidwa pa sewero la Cinderella la pa wailesi ya kanema ya CBS mu 1957. Komabe ngakhale muidule pakati, holo ya ku Broadway ikanatenga zaka zambirimbiri kuti ilandire khamu lotere.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mitundu ya usiku umenewo inapita ndi mphepo. Tepi ya vidiyo ya kampani ya Ampex inabwera mu 1956. Chimene chinatsala ndi kinescope, filimu yojambulidwa ndi kamera yolozetsedwa pa sikirini, ya zithunzi zakuda ndi zoyera, zosaoneka bwino. N'chifukwa chake NBC itafuna kulionetsanso mu Januwale 1956, osewera anachita kulisewera kachiwiri.

Odandaula amati sewero linachoka msanga pa siteji chifukwa linali litagulitsidwa kale kwa NBC. Mfundo yawo ndi yomveka. Koma mwana wa kutali ndi New York, amene makolo ake sakanakwanitsa tikiti ndi ulendo, anamuona Peter Pan akuuluka ali khale pabalaza pakwawo.