Ulendo woyamba wa ski musayambire ku Chamonix, chonde

Januwale ikangofika ndimadziwiratu kuti mawondo ayamba kubwera. Ndine fizio (physiotherapist) kuno ku England, ndipo ski, masewera otsetsereka pa snow aja, ndimapanga ndekhanso nde izi si zongomva ayi. Chomwe chanditopetsa ndi funso lomwe limabwera m'magulu athu a pa WhatsApp chaka ndi chaka, eti tikufuna tipite ku mapiri a Alps koyamba, tipite ku Chamonix kapena ku Val d'Isère ku France? Ukafunsa kuti bwanji kumeneko, yankho lake ndi loti ndi komwe kumatchuka, kapena wina anaona kavidiyo pa Instagram basi.

Abale anga, malo amenewa anatchuka chifukwa ndi ovuta. Chamonix tauni yake ili pansi m'chigwa pa mamita 1,035, malo otsetserekerawo ali patalipatali moti mumakwera basi mutavala mabuti olemera aja, ndipo chomwe mumaona m'mavidiyo chija, Vallée Blanche, si njira yokonzedwa, ndi makilomita pafupifupi 20 pamwamba pa ayezi wa ming'alu, mumayambira ku Aiguille du Midi pa mamita 3,842. Malo a ophunzira alipo kumeneko sindikukana, koma mukhala mwalipirira phiri lomwe simuligwiritsa ntchito. Chimodzimodzi St Anton ku Austria. Ndipo zowerenga makilomita zija, akuti Les Trois Vallées, malo ena a ski ku France, ili ndi makilomita 600 a njira, inu sabata yoyamba mukhala mukungobwereza timitsetse tochepa tomweto, 600 yo mutani nayo?

Za mitundu yosonyeza kuvuta kwa njira ambiri mumaidziwa, girini, buluu, redi, bulaki, koma chomwe simudziwa ndi choti buluu wa kwina si buluu wa kwina. Ku France girini ndiye yophweka kwambiri, ku Austria, Switzerland ndi Italy malo ambiri girini kulibe, mumayambira pa buluu. Ku Austria muyeso wake buluu asapitirire 25 peresenti, ndiye kuti pa mamita 100 aliwonse mukutsika 25, redi mpaka 40, kuposa apo ndi bulaki. Koma malo ena amangopaka mtundu poyerekeza ndi njira zina za paphiri lomwelo, nde paphiri loti lonse ndi lotsetsereka kwambiri ngati Val d'Isère buluu wake kwina akanakhala redi. Ku America nkhani ndi ina, buluu wawo ndi wa anthu odziwa kale. Ndiyenso mtundu uja sukuuzani kuti njirayo ndi yopapatiza bwanji, kapena kuti ikhala bwanji 4 koloko madzulo anthu masauzande atadutsapo.

Apa mpomwe ndimafuna mumvetsetse. Mukatsegula mapu a malo aliwonse musayang'ane pamwamba pa phiri, yang'anani njira yobwererera komwe mukugona. Ndi ya mtundu wanji? Ngati ndi redi yokha, kodi pali gondola, kabokosi konyamula anthu koyenda pa chingwe kaja, yoti mutha kukwera potsika? Njira zobwererera kumudzi ndi zomwe zimandibweretsera anthu, chifukwa aliyense amatsika nthawi imodzi, miyendo yatopa, dzuwa lalowa kuseri kwa phiri simukuonanso mabampu, snow yofewa ija yakokoledwa kwatsala ayezi woterera ngati pakhonde popaka polishi atathirapo madzi. Kutsika pa gondola si manyazi, ine ndimatsika nayo ndikaona kuti miyendo yayamba kunjenjemera.

Pali mayi wina yemwe mpaka lero ndikamuganizira zimandiwawa. Nesi, wolimba bwinobwino, anapita ndi anzake a kuntchito oti amapita chaka chilichonse. Sukulu ya ski sanalembetse poti mnzake wina anati asataye ndalama amuphunzitsa yekha. Anayamba bwino ndithu pa kamtsetse ka ana, nde anzakewo atatopa kumudikira anamutenga kupita naye pamwamba kukadya nkhomaliro akuti ndi buluu yekhayekha usaope. Kukwera anakwera, lifiti sifunsa ngati mumatha. Potsika madzulo anafika pamalo potsetsereka pa ayezi, mantha atamugwira anakhalira kumbuyo ngati mmene aliyense woopa amachitira, ski imodzi inakodwa nkutembenuka, bondo linalira phwa! ndipo ski sinamasuke. Chifukwa chake mukudziwa? Kushopu kobwereka zida mnzake uja anamuuza kuti anene kuti ndi wodziwako pang'ono, nde anamumangira zogwira mabuti zija molimba kuposa mmene zimayenera kukhalira. Amakufunsani kulemera, kutalika, zaka ndi luso lanu kuti ski izichoka mukagwa, si mafunso a ulemu ayi. Mukanama pamenepo mwanamiza bondo lanu.

Komabe kuduka kwa ACL, mtsempha wa m'kati mwa bondo uja, timakuona nthawi zonse ndipo anthu amachira. Chomwe chimandiwawa ndi zomwe zinachitika atabwerako. Bondo linatupa tsiku lomwelo, patapita masabata angapo kutupa kunaphwa, anayamba kuyenda, nde anati zatha. Kunyumba amamuthowa ndi madzi otentha, wina anamulozera bambo wina wosisita yemwe akuti amabwezeretsa mitsempha m'malo mwake, anagulanso chomangira bondo pa intaneti nkubwerera ku mashifiti a maola 12. Bondo limangopinda lokha akamatembenuka, iye nkumati ndi kutopa. Pomwe amafika kwa ine patatha miyezi yambiri meniscus, kachichereŵechereŵe ka m'kati mwa bondo, nayo inali itang'ambika, bondo likukanirira osatambasuka. Mtsempha woduka palibe amene angaulumikize ndi zala, olo asisite bwanji. Mukamva kulira m'bondo nkutupa m'maola ochepa, kapena likamakugwetsani, pitani akakuoneni sabata yomweyo, osadikira kuti muone kaye. Chala chachikulu cha dzanja nachonso, mukagwa ndodo ili m'manja nkuona kuti simukutha kutsina kapena kupotokola kiyi, musati ndi kubinya chabe, china chimafuna opaleshoni msanga.

Mutu ndiye osaseweretsa nkomwe. Natasha Richardson, wosewera mafilimu, anagwa pa njira ya ophunzira ku Mont Tremblant ku Canada mu Malichi 2009, anadzuka akulankhula bwinobwino nkukana thandizo, magazi akutuluka m'kati mwa mutu, ndipo anamwalira patapita masiku awiri. Helemeti valani, koma mukamenyetsa mutu nkuyamba kumva litsipa, kusanza kapena tulo tosadziwika, kuchipatala, osati kukagona.

Nde mupite kuti? Sankhani malo omwe timitsetse ta ophunzira tili pafupi ndi pogona ndipo pamwamba palinso njira zazikulu zophweka zoti mukaone phiri lenileni. Ku France, Alpe d'Huez ili ndi magirini ambiri pamwamba penipeni pa mudzi, La Plagne mabuluu otakasuka, Cervinia ku Italy njira zazitali zosatsetsereka kwambiri, Soldeu ku Andorra sukulu yake amalankhula Chingelezi. Pewani sabata ya holide ya ana ya Febuluwale, kumadula komanso kumadzaza, pakati pa Januwale kapena Malichi ndi bwino. Musananyamuke pitani kaye ku Hemel Hempstead kapena Milton Keynes pa snow ya m'nyumba ija mukaphunzire kuima ndi kukhota, ndipo mukafika lembetsani sukulu m'mawa uliwonse, ku France ndi a majekete ofiira aja a ESF kapena sukulu ina iliyonse ya mapepala. Amuna anu asakuphunzitseni, achimwene anu asakuphunzitseni, munthu wodziwa kutsetsereka anaiwala kale mmene mantha amakhalira.

Za kutalika kwa phiri, ife tili ndi nkhani yathu yomwe anzathu achizungu sangakuuzeni. Val Thorens ku France mudzi wake uli pa mamita 2,300 ndipo malifiti amakufikitsani kuposa 3,000, kuposa Sapitwa yemwe ali pa 3,002, kusiyana kwake nkoti kuno mumafika m'mphindi zochepa thupi lisanazolowere. A ku Joni amene mumaganiza za Afriski ku Lesotho, nako nkokwera cha pa 3,000 pomwepo. Mutu kuwawa ndi kusowa tulo zimachitika kwa ambiri, koma ngati muli ndi sickle cell onanani ndi dokotala wanu musanagule tikiti, ndipo olo amene mwangotengera mbali imodzi osadwala, kumtunda kotere kapamba amatha kuvulala, mukamva kupweteka kumanzere pansi pa nthiti tsikani mukaonedwe.

Inshuwalansi yomwe munagula pofuna viza ya Schengen werengani bwino, zambiri ski siziphimba pokhapokha mutaonjezera. GHIC, khadi ya ku UK yolandirira thandizo la kuchipatala ku Ulaya, nayo silipira okutsitsani paphiri, ndipo ku France kukunyamulani pa njira amalipiritsa, nchifukwa chake pogula pasi ya lifiti amakufunsani za inshuwalansi ya Carré Neige, ndi ma euro ochepa pa tsiku, tengani.

Chomaliza ndi awa amadzitcha ma guide m'magulu athu, akuti tsatireni ndikudziwa kanjira ka snow yabwino kuseri uku. Kuseri kwa timitengo ta m'mbali mwa njira palibe amene wakonza, pali miyala yobisika ndipo snow imagumuka. Michael Schumacher, katswiri wa mpikisano wa magalimoto, anamenyetsa mutu pa mwala ku Méribel ku France mu Disembala 2013 pakampata ka pakati pa njira ziwiri, helemeti atavala, munthu wodziwa ski. Chenjezo la kugumuka limayambira 1 mpaka 5 ndipo anthu ambiri amafa lili pa 3 poti amati ndi pakatikati, wokwiririka akadutsa mphindi 15 mwayi umatsika msanga kwambiri. Ku France kuphunzitsa kapena kutsogolera anthu molipiritsa opanda mapepala ndi mlandu, nde wina akakuuzani kuti mumupatse kangachepe akutengeni kuseriko mufunseni khadi yake, akayamba kuseka musiyeni apite yekha.