Chaka chimene ana adadzaza pansi pa mitengo

Chilengezereni boma kuti kuyambira Januwale 2026 ophunzira asamalipire fizi m'sekondale za boma, mkangano sukutha. Ena akuti uwu ndi mwayi wa mwana wa mlimi, ena akuti tikubwereza za mu 1994, pamene fizi ya pulayimale idachotsedwa. Chaka chimenechi chikutchulidwa ngati chenjezo, koma ndi ochepa amene akufotokoza zimene zidachitika.

Mu ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda pulayimale idali yolipira. Ndalama yake sidali yambiri, koma kwa banja la ana asanu lodalira kamunda ka chimanga idali yokwanira kusankha kuti apite ndani, atsale ndani, ndipo wotsala kawirikawiri adali mtsikana. Pamwamba pake panali yunifolomu. Kusintha kudayamba pang'onopang'ono msonkhano wa mayiko wokambirana za maphunziro kwa onse wa ku Jomtien, ku Thailand, utachitika mu 1990: mu 1991 boma lidayamba kuchotsa fizi kuyambira Sitandade 1, ndipo pulogalamu ya GABLE, ya thandizo la USAID, idayamba kulipirira atsikana osabwereza kalasi. Otsatira MCP amakumbutsa zimenezi, ndipo sanama ayi.

Koma khomo lidatseguka kwathunthu chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chitatha. UDF idalonjeza pamisonkhano kuti sukulu idzakhala yaulere, ndipo a Bakili Muluzi atangolowa m'boma adati lonjezolo likwaniritsidwe chaka cha sukulu chotsatiracho. Panali miyezi inayi chabe yokonzekera. Fizi idachotsedwa, yunifolomu idasiya kukhala yokakamiza. Sukulu zitatsekulidwa kudabwera ana a zaka zisanu ndi chimodzi, kudabweranso anyamata ndi atsikana akuluakulu amene adasiya kalekale, onse kudzakhala pansi limodzi mu Sitandade 1.

Pa chiwerengero mabuku sagwirizana. Onse amavomereza kuti chaka chapitacho ana adalipo pafupifupi 1.9 miliyoni. Pa chaka cha 1994/95 ena amalemba 3.2 miliyoni, ena 2.9 miliyoni. Ine ndimaona kuti nambala yoyambayo ikusonyeza amene adalembetsa, yachiwiriyo amene adapezekabe m'kalasi miyezi itapita. Mulimonsemo, ana pafupifupi miliyoni imodzi kapena kupitirira adawonjezeka nthawi imodzi. Amenewa si ana amene adabadwa chaka chimenecho. Adalipo kale m'midzi, akuweta mbuzi, kulera ana anzawo ndi kugwira ganyu m'minda ya fodya.

Nanga awaphunzitse ndani? Apa ndi pamene padagona nkhani yonse. Unduna udalemba ntchito aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri osapita ku koleji ya uphunzitsi, ambirinso a satifiketi ya JCE yokha. Adawaphunzitsa kwa masabata osapitirira atatu n'kuwapatsa choko. Mnyamata amene dzulo adali pa mudzi osadziwa kolowera adapezeka ataima pansi pa mtengo wa mango, bolodi atayedzeka pa tsinde, kutsogolo kwake ana oposa zana. Mvula ikagwa, sukulu yaweruka. Maphunziro enieni a aphunzitsi amenewa, a MIITEP, adadzayamba mu 1997, iwo ataphunzitsa kale zaka ziwiri ndi kupitirira. Anthu akamati aphunzitsi amenewa ndiwo adapha maphunziro, ine mtima umandiwawa, chifukwa iwo ndi amene adasenza lonjezo limene ena adalengeza pa nsanja.

Changu chomwecho chidabala mlandu wa makope a kampani ya Fieldyork ya ku Britain, amene adagulidwa mosatsata ndondomeko. Nduna ya zamaphunziro ya nthawiyo, a Sam Mpasu, khoti lidawapeza olakwa mu 2008 pa mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika.

Zotsatira zake n'zodziwika. Mu 1998 masukulu a MCDE, amene ankaphunzitsa ana osasankhidwa kupita ku sekondale, adasandutsidwa sekondale zoyendera za m'madera (ma CDSS) kuti alandire khamu lochokera ku pulayimale, ngakhale ambiri adalibe labotale kapena laibulale. Pa mayeso a SACMEQ, oyerekeza ana a Sitandade 6 a mayiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, Malawi yakhala ili kumunsi pa kuwerenga. Otsutsa akaloza zimenezi sitingawakanire. Chimene saloza n'chakuti sukulu yabwino ya kale imene amaikumbukayo idali ya ana ochepa okha.

Ofufuza amene adayendera midzi m'zaka zotsatira adapeza kuti ana osauka adalowadi, koma ambiri adasiyira m'makalasi a m'munsi. Chidawachotsa ndi njala, ganyu, kubwereza kalasi kawiri katatu, kusowa sopo ndi zovala. Ndalama nayo idabwerera m'dzina lina, la thumba la chitukuko cha sukulu, loti alipire mlonda kapena aumbe njerwa, ndipo m'sukulu zina mwana wosapereka ankabwezedwa kunyumba monga ankabwezedwera wosalipira fizi.