Liwiro la wojambula makina limaoneka tsiku losintha miyeso

Mwini chigayo akaganiza zochotsa mota ya 15 kW n'kuikapo ya 22 kW, kwa iye nkhani ndi yogula mota basi. Kwa wojambula makina pakompyuta, apo m'pamene ntchito yayambira. Mota zotsatira miyeso ya IEC, bungwe la padziko lonse loika miyeso ya zamagetsi, zili ndi kukula kodziwikiratu. Ya 15 kW yamapolo anayi imakhala pa fulemu 160L, shafiti yake ndi mamilimita 42, kiyi wake, kachitsulo kogwirizitsa pule pa shafiti, mamilimita 12 m'lifupi. Ya 22 kW imakhala pa fulemu 180L, shafiti mamilimita 48, kiyi 14. Mabowo a mabawuti a kumiyendo amatalikirana mamilimita 279 m'malo mwa 254, ndipo shafiti imakwera ndi mamilimita 20. Ndiye kuti pule, gudumu loyendapo malamba, isinthe, chitsulo chokhazikapo mota chisinthe, chotchingira malamba nachonso chisinthe.

Ojambula awiri, pulogalamu imodzi, chigayo chimodzimodzi: wina amaliza kusinthaku tiyi asanazizire, wina aswera tsiku lonse n'kuthera pojambulanso. Kusiyana kwawo sikuli pa kuthamanga kwa zala. Kuli pa mmene aliyense anamangira chifaniziro chake cha 3D tsiku loyamba.

Njira imene ambiri amayamba kuphunzira ndi ya parametric, yosunga mbiri ya ntchito. Inatchuka ndi Pro/ENGINEER, pulogalamu ya kampani ya PTC imene Samuel Geisberg anayambitsa mu 1985, ndipo SolidWorks ya mu 1995 ndi Inventor ya mu 1999 zinadzera momwemo. Mumajambula sketch yafulati, mumaiika miyeso, mumaikoka kuti ikhale chitsulo, kenako mumaboola, mumadula, mumasalaza m'mphepete. Chilichonse chimene mwachita pulogalamu imachilemba pa mndandanda. Mukasintha 42 kukhala 48, iyo imabwereza ntchito yonse kuyambira pamwamba mpaka pansi ndi nambala yatsopanoyo. Ubwino wake ndi womwewo, vuto lakenso ndi lomwelo. Chimene munachita pambuyo chimatsamira pa chimene munachita poyamba, ndipo mainjiniya amazitcha kholo ndi mwana. Kholo likasintha kwambiri kapena likachotsedwa, mwana amasowa pogwira, mndandanda n'kudzaza zizindikiro zofiira.

Anthu ambiri amaganiza kuti mpikisano uli pakati pa pulogalamu iyi ndi iyo. Ine ndimaona kuti kusiyana kwakukulu kuli m'kati mwa njira ya parametric yomweyo, ndipo pule ndi chitsanzo chabwino.

Wojambula woyamba amaiunjika pang'onopang'ono. Amakoka chozungulira chachikulu, pankhope yake n'kujambulapo china chaching'ono, pamwamba pa chimenecho n'kuboola, kenako n'kudula ngalande za malamba imodziimodzi, iliyonse akuiyeza kuchokera pa m'mphepete mwa inzake. Zimaoneka zachangu chifukwa safunika kuganiza zapatsogolo. Koma gawo lililonse latsamira pa nkhope ya linzake, ndipo pulogalamu imazindikira nkhope ndi mphepete ndi mayina amene imadzipatsa yokha m'kati. Nkhope ikagawika pawiri chifukwa cha kusintha kwina, mayinawo amasokonekera. Chimene chinagwira pa mphepete ina chimapezeka chagwira pa ina, kapena sichipeza pogwira n'komwe. Vutoli ndi lodziwika m'mapulogalamu onse a mtundu umenewu, ndipo linavutitsa kwambiri ogwiritsa ntchito FreeCAD mpaka pamene FreeCAD 1.0 inatuluka mu Novembala 2024 italichepetsa.

Wachiwiri amajambula theka la pule m'sketch imodzi, n'kulizunguliza pa mzere wapakati ndi lamulo la revolve. Thupi lonse latuluka kamodzi, ndipo miyeso yofunika ili pamalo amodzi, mofanana ndi mmene wa pa lefe, makina osemera zitsulo mozungulira, adzaionere pa pepala. Ngalande ya lamba amadula imodzi yokha, zotsalazo amazichulukitsa ndi pattern, motalikirana mamilimita 19 ngati malambawo ndi a mtundu wotchedwa SPB. Mota yatsopano ikafuna malamba anayi m'malo mwa atatu, amasintha nambala imodzi, ndipo ngati anamangiriza m'lifupi mwa pule ku chiwerengero cha ngalande, pule imadzikulitsa yokha. Sketch iliyonse amaikhazika pa mapuleni oyambirira, malo afulati ojambulapo obwera ndi pulogalamu, amene sasuntha ndipo safufutika, osati pa nkhope ya chitsulo. Zosalaza m'mphepete, ma fillet ndi ma chamfer, amaziika kumapeto kwenikweni. Chifukwa chake n'chapafupi: fillet imadya mphepete yakuthwa, ndiye chilichonse chimene munayeza kuchokera pa mphepeteyo chimasanduka mwana wa chinthu chongokongoletsa. Tsiku limene wina adzachotse fillet ija, bowo la bawuti lidzapita nayo.

Wachiwiriyu amachedwa tsiku loyamba, ndipo bwana wongoyang'ana pa wotchi angamuone ngati waulesi.

Palinso njira ina yosiyaniratu, ya direct modeling, imene sisunga mbiri. Mumagwira nkhope ya chifaniziro n'kuikoka, kuikankha kapena kuichotsa, monga woumba mbiya amene amatsina dongo pamene akufuna osafunsa kuti mbali iyi anaiumba liti. CoCreate, imene inachokera ku Hewlett-Packard ndipo PTC inaigula mu 2007, inkagwira ntchito motere. SpaceClaim inatuluka mu 2007 ndipo ANSYS, kampani yopanga mapulogalamu oyesera mphamvu ya zinthu, inaigula mu 2014. Mu 2008 Siemens inabweretsa Synchronous Technology mu Solid Edge ndi NX, poyesa kuphatikiza njira ziwirizi. Lero mapulogalamu akuluakulu ambiri ali ndi zida za mbali zonse, ndipo mu Fusion ya Autodesk mutha kuzimitsa kusunga mbiri n'kumaumba mwachindunji.

Mphamvu ya njirayi imaoneka mukalandira fayilo kuchokera kwa ena. Opanga mota, mabeyaringi ndi magiyabokosi amapereka zifaniziro zawo m'mafayilo a STEP, otsatira muyeso wa ISO 10303. Fayilo yotere imabweretsa maonekedwe a chinthu, koma mndandanda wa mmene chinapangidwira umatsala kwa mwini wake. Mumalandira chibuluma chopanda sketch, chopanda muyeso woti musinthe. Wodziwa parametric yokha amayamba kuchijambulanso, kapena kumata zodula pamwamba pa zodula. Wodziwa direct amasankha nkhope ya m'kati mwa bowo, n'kulemba 48, zatha. Njirayi ndi yothandizanso pokonzekera kuyesa mphamvu ya chitsulo pakompyuta, pamene timabowo ting'onoting'ono ndi zilembo zosindikizidwa zimangochedwetsa kuwerengera ndipo zimafunika kuchotsedwa msanga. N'chifukwa chake kampani yoyesa mphamvu ngati ANSYS inafuna SpaceClaim.

Koma chifaniziro chopanda mbiri sichidziwa chifukwa chimene chinthu chilili pamene chili. Mwakulitsa bowo kufika 48, ngalande ya kiyi yatsala pa 12, ndipo palibe chizindikiro chofiira chokuchenjezani. Cholakwikacho chidzaoneka ku shapu, pule itadulidwa kale ndipo kiyi akukana kulowa. Pa nkhani iyi zofiira za parametric zimene anthu amadana nazo n'zabwenzi: zimakalipa pakompyuta, chitsulo chisanagulidwe.

Ndiye ine ndimagawa motere. Chinthu chimene chidzapangidwa m'misinkhu yosiyanasiyana, kapena chimene anzanu adzachisinthe inu mutachoka pa ntchito, chimangeni ndi parametric, mosamala, magawo ake mutawapatsa mayina omveka. “Bowo la shafiti” amamva aliyense, pamene “Cut-Extrude17” ngakhale mwini wake amaiwala pakatha mwezi. Chinthu chochokera kwa ena, chopangidwa kamodzi kokha, kapena maganizo oyamba amene mawa mudzawataya, chiumbeni mwachindunji. Kuika malamulo makumi awiri pa kachitsulo kogwirizira kamene sikadzasinthidwanso n'kutaya nthawi chimodzimodzi.

Polumikiza zida kukhala makina athunthu pamabweranso kusankha kwina. Mutha kujambula chida chilichonse pachokha n'kuzilumikiza pomaliza, njira ya bottom-up, imene ndi yoyenera zinthu zogula ngati mabawuti ndi mabeyaringi. Kapena mutha kuyamba ndi sketch imodzi yaikulu, imene amaitcha skeleton, yonyamula miyeso yolamulira makina onse: kutalika kwa shafiti ya mota kuchokera pansi, mtunda wa pakati pa mapule awiri, malo a mabawuti. Zida zonse zimatenga miyeso yawo kumeneko. Pa chigayo chija mungasinthe kutalika kwa shafiti kuchoka pa 160 kukhala 180 ndi kutalikirana kwa mabawuti kuchoka pa 254 kukhala 279 m'skeleton, chokhazikapo mota ndi chotchingira malamba n'kutsatira zokha. Chenjezo ndi limodzi: zida zitsamire pa skeleton, zisatsamirane zokhazokha. Chotchingira chikatenga muyeso ku pule, pule n'kutenga ku chokhazikapo mota, chokhazikacho n'kutenganso ku chotchingira, mwapanga chingwe chozungulira chimene chimapatsa yankho lina nthawi iliyonse mukatsegula fayilo.

Mawu pang'ono kwa amene kompyuta yawo imalira ikatsegula makina aakulu. Kawirikawiri wolakwa ndi mazinga a mabawuti. Musawajambule enieni pokhapokha ngati mudzasindikiza chidacho pa 3D printer. Chizindikiro cha mazinga ndi mawu osonyeza kukula kwa bawuti, monga M12, pa pepala n'zokwanira kwa wa ku shapu, pamene mazinga enieni pa mabawuti mazana awiri amawonjezera nkhope zambirimbiri zimene kompyuta iyenera kuwerengera pachabe.

Nkhani ya mtengo siisintha zonsezi. Layisensi ya SolidWorks kapena Inventor imalipiridwa m'ndalama zakunja, Onshape imafuna intaneti yosadukaduka chifukwa imayendera pa browser, FreeCAD ndi yaulere. Koma revolve, pattern, mapuleni oyambirira ndi fillet zilimo monsemo. Ngati mukulemba ntchito wojambula, musamufunse kuti amadziwa mapulogalamu angati. Mupatseni pule ajambule, akamaliza mumuuze kuti shafiti yasintha kufika mamilimita 48 ndipo malamba akhala anayi, inu mukhale pambali pake muone zimene zichitike pa mndandanda uja.